Gwape wa Mwendo Umodzi

Ndikukumbukira chaka chimene amayi anaipatsa notisi mfuti ya adadi. Tinkakhala ku Oshawa nthawi imeneyo, m'kanyumba ka lendi pafupi ndi njanji, kamene mawindo ake ankanjenjemera sitima ya ku Toronto ikamadutsa. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo Chichewa cha ku Ntchisi chinali chisanandichoke pakamwa, poti kuno tinabwera ndili wamkulu kale, wodziwa kunyoza ndi kupepesa m'chilankhulo chathu. Adadi ankagwira ntchito pafakitale yopanga mipando ya galimoto, amayi ankasamalira okalamba. Chaka chonse adadi anali munthu wa phee, wongobwera ku shifiti, kudya, n'kugona pampando nsapato zili kuphazi. Koma masamba akangoyamba kufiira, Novembala akuyandikira, munthu uja ankadzuka. Ankapukuta mfuti, kununkhiza mphepo pakhonde, n'kumaimba nyimbo za uzimba m'bafa mpaka aneba kugogoda khoma.

Vuto linali limodzi lokha: sankapha kanthu. Chaka ndi chaka ankatenga tchuthi, kudiraiva kupita kumpoto kunkhalango za boma kokasaka agwape, n'kubwerako ndi chimfine, matope ndi nkhani. Nkhanizo zinali zonona, eti, koma sizinkalowa mumphika. Ankolo a Phiri a ku Etobicoke, mnzawo wa adadi wa kutchalitchi, anachita kuwapatsa dzina loti mlonda wa agwape. Ankati agwape a mu Ontario akaona kagalimoto kathu kadzimbiri kaima, amauzana kuti ana atuluke akasewere, kwabwera a Nkhoma, lero kulibe maliro. Anthu ankaseka mpaka kugwetsa mapuleti, adadi n'kumangomwetulira. Ine zinkandiwawa koopsa.

Amayi sankaseka nawo. Iwo chinkawapweteka n'choti masiku onse a tchuthi a adadi ankathera m'tchire, ife osapita kulikonse ngati banja, komanso mfutiyo, ngakhale inkakhala m'kabati yachitsulo yokhoma, sankagona nayo tulo tabwino. Ndiye tsiku lina tikudya, anaika sipuni pansi.

"Bambo a Tadala, chaka chino mukabweranso chimanjamanja, mfuti ija ikugulitsidwa. Ndanena pamaso pa mwana kuti pasadzakhale zokanirana."

Adadi anangoti, "Ndamva." Amene mumawadziwa amayi anga mukudziwa kuti sanena chinthu kawiri. Ine nkhaniyi inandikhudza kwambiri, chifukwa chaka chimenecho n'chimene ndinakhoza maphunziro a alenje achichepere, ndipo ndinali nditaloledwa kukasaka nawo koyamba. Komanso kutchire n'kumene ndinkawapeza bambo anga enieni. Kunyumba ankatha tsiku lonse ndi mawu ochepa, koma tikangolowa m'mitengo pakamwa pankatseguka. Mfuti ikanapita, ndinkadziwa kuti munthu ameneyo akanapita nayo.

Kusaka kwa adadi kunkayamba kutentha kusanathe. Loweruka lina ankanditenga kukayendera nkhalango popanda mfuti, udzudzu ukutidya ngati watilipirira. Ankandionetsa mkwaso wa agwape, pamene gwape wamphongo wapala khungwa la mtengo ndi nyanga, pamene anagona udzu n'kuphwatalala, ndi timanyi tawo tonga nsawawa. Ankati nkhalango ya boma ndi ya aliyense, ndipo zimenezo ndiye ubwino wake ndi kuipa kwake komwe. Alenje ambiri, ankatero, sakonda kutalikirana ndi galimoto zawo. Amakhala pamene akuonabe msewu, pafupi ndi khofi wawo. Ndiye iwe uzipita kumene mnzako akayang'ana amati aaa, kumeneko ayi. Malo a adadi anali kuseri kwa dambo lina la matope ofika m'mawondo, pakachitunda ka mikungudza, pamene njira ziwiri za nyama zinkakumana. Ankati anthu a kumsewu aja asamakukwiyitse, ndi antchito ako osalipidwa, chifukwa phokoso lawo ndi limene limathamangitsira nyama kwa iwe.

Nkhani ya fungo ndiye inali chipembedzo chawo. Zovala zathu zosakira zinkagona m'thumba limodzi ndi masamba a mkungudza. Sopo wonunkhira ankaletsa, mafuta odzola ankaletsa, moti ndinapita kutchire miyendo ili mbuu ngati ndagwa m'chigayo. M'thumba la jekete ankayenda ndi kasokosi ka mwana kodzaza phulusa la pambaula yowotchera nyama. Akakagwedeza pang'ono, phulusa linkauluka n'kuwauza kumene mphepo ikupita. Anzawo a kufakitale ankagula timabotolo ta ufa wa ntchito yomweyo m'sitolo, adadi n'kumati iwo sangagule phulusa ali moyo. Lamulo linali loti mphepo izikuomba kumaso, osati kumsana, chifukwa gwape ukhoza kumunamiza maso, koma mphuno yake sunganamize.

Sabata ya kusaka itafika tinayenda masiku angapo osaona kanthu kupatula mchira woyera ukuzimirira m'zitsamba. Kenako linafika tsiku lotsiriza la tchuthi cha adadi. Tinanyamuka mbandakucha, titavala majekete ndi zipewa za olenji zimene boma limalamula kuti alenje asaomberane. Amayi, omwe aja a notisi, anali atatiikira tiyi m'fulasiki ndi mandasi m'kapepala, koma sanatuluke kudzatitsanzika. Tinadutsa minda ya chimanga chouma, mafamu a ng'ombe, mpaka kumene nthaka imasanduka miyala ndi mitengo yokhayokha. Tinaoloka dambo lija madzi oundana akuphwanyika kuphazi ngati magalasi, n'kukakhala pansi titatsamira mkungudza waukulu.

Anzanga, kuzizira kwa munthu amene akuyenda ndi kwina, kwa munthu wokhala chete ndi kwinanso. Kunayambira kuzala zakuphazi, n'kukwera pang'onopang'ono mpaka m'mano. Nkhalango inkanunkha masamba onyowa ndi utomoni. Gologolo mmodzi anatitukwana m'mawa wonse ali panthambi, ndipo ulendo uliwonse akadumpha pamasamba ouma mtima wanga unkati ndi gwape. Dzuwa litakwera tinamva zitseko za galimoto zikumenyedwa kutali, alenje a kumsewu akubwerera kukaotha. Ndinawayang'ana adadi ndi maso opempha. Iwo anandinong'oneza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ino ndiye nthawi yake, anthu akamatuluka nyama zimadzuka. Posakhalitsa kunalira mfuti kamodzi, kutali ndithu, kutsidya kwa dambo. Adadi anapendeketsa mutu, kumvetsera.

Panapita nthawi yaitali, mpaka ndinaiwala za mfuti ija. Kenako adadi anandigwira bondo. Pakati pa mikungudza pankabwera gwape wamphongo, wamkulu ngati thole, nyanga zili nthambinthambi, nthunzi ikutuluka m'mphuno. Sankathamanga. Ankayenda mutu uli pansi, msana utapindika, akuima kawirikawiri. Ine sindinaganizepo kanthu za kayendedwe kameneko, ndinkangoona nyanga. Adadi anakweza mfuti pang'onopang'ono ngati munthu wonyamula mkaka wodzaza m'kapu, anadikira kuti atuluke kuseri kwa mtengo, n'kuomba. Gwape anagwa pomwepo, osaponyanso mwendo.

Mayo ine, chimwemwe chake! Ndinaiwala malamulo onse a kukhala chete. Ndinalumpha, ndinavina, ndinaimba dzina la ankolo a Phiri m'nyimbo imene sindingaibwereze pano. M'mutu mwanga ndinali nditafika kale kunyumba, ndikuona nkhope ya amayi, ndikuona mafiriji a Amalawi onse a mu Oshawa atadzaza nyama yathu. Adadi anachotsa zipolopolo zotsala mumfuti. Anavula chipewa, anagwada pambali pa nyama ija, n'kuisisita pakhosi. Koma ataitembenuza, ndinaona nkhope yawo ikusintha. Kumbuyo kwa nthiti kunali bala lina, magazi ake akuda, ayamba kale kuuma m'ubweya. Anayang'ana kumene gwape anachokera, ndipo pamasamba panali madontho a magazi, mzere wolowera kudambo.

"Tadala, nyama iyi si yathu. Ili ndi mwini wake."

Ndinkayesa akuseka. Atandifotokozera m'pamene ndinadziwa kuti zavuta. Anati kwawo ku Ntchisi, pa uzimba, nyama ndi ya amene mkondo wake wayamba kulasa, ngakhale itathawa n'kukagwera kumudzi wina. Wotsiriza amalandira mwendo wakutsogolo, basi. Anati lamulo limeneli ndi limene linkachititsa kuti amuna onyamula mikondo ndi mauta abwerere kumudzi akuimba, osati atanyamulana pamachira. Anandionetsa bala lija ndi chala, n'kunena kuti lafika pachiwindi, gwapeyu akanafa ndithu dzuwa lisanalowe, iwo angomufupikitsira ululu.

Ndinatsutsa ngati loya. Ndinati kuno si ku Ntchisi. Ndinati wagwetsa ndi inu, ndipo buku la maphunziro lija limati wopha ndi amene amamangirira tagi yake, kachiphaso kaja kamene boma limapereka kamodzi pa gwape mmodzi. Adadi anavomera kuti lamulo la boma ndi limenelo, ndipo anatulutsadi tagi yawo n'kuimangirira panyama. Apa ndiye nkhani inaipiratu, chifukwa tagi ikapita, kusaka kwa chaka chimenecho kwatha. Boma analipatsa zake. Koma anati nyama yokhayo boma silinanene kuti adye ndani. Ndinawakumbutsa za amayi, za mfuti, ndikulira tsopano, mamina ali chuchuchu. Anandipukuta ndi mpango wawo n'kunena kuti zimenezo akuzidziwa bwino kuposa ine.

Anatumbula nyama ija kuti isaonongeke, nthunzi yofunda ikutuluka m'mimba, ine ndikugwira miyendo mokwiya. Kenako tinakhala pansi kudikira mwini wake, adadi akuimba likhweru nthawi ndi nthawi. Sikunabwere munthu. Ndiye kumwamba kunachita mdima pang'ono, sinowo, chipale choyera chija, n'kuyamba kugwa, yaikuluikulu, yofewa, ikukwirira madontho a magazi aja limodzilimodzi. Ndisaname, ndinathokoza Mulungu mumtima. Ndinati Ambuye aweruza okha mlanduwu. Adadi anayang'ana kumwamba, anayang'ana pansi, n'kuimirira. Anati munthu uja sangathenso kulondola, tiyeni timutsate ifeyo magazi asanakwiririke.

Tinabwerera m'mapazi a gwape uja chobwerera m'mbuyo, adadi akufuula m'Chingerezi kuti kukubwera anthu, kuopa kuti wina angatiyese nyama. Ankawerama, kupukuta sinowo ndi dzanja, kupeza tsamba lofiira, n'kupitirira. Kutsidya kwa dambo tinapeza bambo wina wachizungu wokalamba atakhala pachipika, mfuti ili pamiyendo, ndevu zoyera zili ndi madzi oundana. Dzina lawo linali a Walter. Anali atalondola magazi mpaka pamatope, n'kutaya mzere, ndipo mawondo anali atawakana. Anati chimene chinkawawawa si kutaya nyama, koma kuganiza kuti aisiya ikuvutika m'tchire chifukwa cha dzanja lawo lonjenjemera. Adadi atawauza kuti gwape wagona, savutikanso, bamboyo anatseka maso kwa kanthawi.

Zimene zinachitika titafika nawo panyama sindidzaziiwala. Amuna awiri akuluakulu anayamba kukangana, aliyense akukana gwape. A Walter ankati ndi wanu, mwagwetsa ndinu, tagi ndi yanu, mwananso ndi uyu akufunika kudya. Ine ndinkagwedeza mutu kuvomereza mpaka chipewa kugwa. Adadi ankati ayi, chipolopolo choyamba ndi chanu. Chingerezi chawo chinkathawa akatentheka, moti mawu ena ankawaponya m'Chichewa, ine n'kumamasulira monyinyirika nkhani yondiluzitsa ndekha. Pomaliza anagwira mwendo wakutsogolo wa gwape uja n'kuugwedeza.

"Mwana, uwauze kuti wanga ndi uwu. Ndikatenga woposa apa, bambo anga kumanda andifunsa kuti ndinaphunzira kuti kuba."

A Walter anawayang'ana adadi nthawi yaitali. Kenako anavula gulovu, kuzizira konse kuja, n'kuwagwira chanza. Anati asaka m'nkhalango zimenezi kuyambira ali mnyamata, aonapo anthu akulozana ndi mfuti chifukwa cha gwape, koma sanaonepo munthu woyenda mtunda wonsewo kukafunafuna womulanda nyama. Ndinawayang'ana adadi, kajekete kawo ka olenji kong'ambika pachigongono, kasokosi ka phulusa kakulendewera m'thumba, ndipo ngakhale mkwiyo unali usanathe, ndinawanyadira kwambiri bambo anga.

Kukoka gwape uja kudutsa dambo inali ntchito ya akaidi. Malo akutali amakoma posaka, koma pobwerera amakulipiritsa ndi msana. Poti tagi inali yathu, tinamukweza pagalimoto yathu n'kutsatira a Walter mpaka kwawo, m'katauni kena ka m'njira. M'galaja mwawo, monunkha oyilo ndi utuchi, anamupachika n'kumusenda. Adadi anadula mwendo wawo bwinobwino ndi phewa lake lomwe. A Walter anayesa kutiponyera nyama ya kumsana m'thumba mobisa, adadi anaiona n'kuibweza. Ulendo wobwerera ku Oshawa unali wa zii. Kunyada kuja kunayamba kuzirala ndikaganiza za amayi, ndipo ndinang'ung'udza kuti akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Adadi anaseka pang'ono n'kunena kuti miyambi ndikuidziwa, koma ndikuiponya pamlandu wolakwika. Ndinaona kuti chiwongolero achigwira molimba kuposa masiku onse.

Tinapeza amayi kukhitchini atavalabe yunifolomu ya kuntchito. Adadi anaika thumba la nyama lija patebulo, n'kuima pambali ngati mwana wa sukulu. Amayi anatsegula, anasuzumira, n'kufunsa ngati agwape a kuno amayenda ndi mwendo umodzi. Ine ndinalumphira nkhani yonse, mwina kuwateteza adadi, mwina kuwaneneza, sindikudziwa. Ndinanena za nyanga, za bala lakuda, za sinowo, za a Walter. Amayi anamvetsera manja ali m'chiuno. Nditamaliza anandifunsa funso limodzi.

"Anayamba kulasa ndani?"

"Mzungu uja, amayi."

"Nanga iwe umafuna bambo ako atani?"

Ndinali nditaiwala kuti amayi nawonso ndi mwana wa ku Ntchisi, ndipo anakula akuona azichimwene awo akubwera ku uzimba ndi miyendo ya nyama za eni. Ananyamula mwendo uja, kuutembenuza, kuona ngati ndi wakutsogolodi, ngati kuti adadi akanatha kubera pamenepo. Adadi anakhosomola n'kufunsa chapansipansi kuti nanga za mfuti zija zili pati.

"Ndinati mukabwera chimanjamanja. Ichi ndi chimanjamanja? Kasambeni, mukununkha tchire."

Adadi anatembenuka msanga kupita kubafa, koma ndinaona akupukuta m'maso ndi chipewa. Patangopita kanthawi nyimbo ya uzimba inayamba, ndipo aneba anagogoda khoma mpaka kutopa okha.

Lamlungu lotsatira amayi anaphika mwendo uja ndi tomato ndi anyezi, atauduladula tizidutswa ting'onoting'ono kuti aliyense kutchalitchi alaweko. Ankolo a Phiri sakanalephera. Analengeza kuti a Nkhoma apha gwape wa mwendo umodzi, winayo wapita kuchipatala. Anthu anaseka, koma ulendo uno anawayankha ndi amayi. Anafotokoza nkhani yonse okha, ataimirira, chikombe chili m'manja, nyanga za gwape zikukulirakulira m'kufotokoza kwawo, dambo likutalika, sinowo ikufika m'chiuno. Anamaliza ndi kuwauza ankolo kuti amene sanalowepo m'tchire adye mwakachetechete. Ankolo anapempha kachidutswa kachiwiri, amayi anawamana.

Masiku ano zinthu zinasintha. Ine ndimakhala ku Brampton, ndili ndi ana anga amene ndikawalankhula Chichewa amandiyankha m'Chingerezi, ndipo mawu oti uzimba amayesa ndi dzina la mankhwala. Alenje a lero amayenda ndi mapu a pafoni osonyeza malire a nkhalango ya boma, amapachika makamera m'mitengo, ndipo gwape amamudziwa nkhope asanakumane naye. Malo aja a kuseri kwa dambo, amene tinkati ndi chinsinsi chathu, tsopano umapezako galimoto zitandandalika kumsewu. Anthu akakangana za nyama amathamangira kujambulana n'kukanyozana pa intaneti. Sindikunena kuti kale anthu onse anali abwino, ayi, a Walter omwe ananena kuti ankalozana ndi mfuti. Kungoti ndi ochepa amene anatsala odziwa kuti mlandu wotere unaweruzidwa kalekale ndi anthu osadziwa kulemba.

Adadi anasaka zaka zambiri pambuyo pake, ndipo agwape athunthu anabwera nawo ndithu, ena mwa iwo anawapha akusaka limodzi ndi a Walter mpaka bamboyo atamwalira. Pano maso anafooka, miyendo inakana, ndipo zinthu zambiri zimawathawa m'mutu. Nthawi zina amandiitana ndi dzina la mlongo wawo. Novembala akafika ndimapita ndine kutchire, ndipo ndikapha ndimadzera ku Oshawa ndisanafike kwanga. Ndimawapeza atakhala pawindo, bulangete lili pamiyendo. Safunsa kukula kwa nyanga, safunsa kuti ndinapita nkhalango iti. Amandiyang'anitsitsa kaye mpaka andizindikire, kenako amafunsa kuti anayamba kulasa ndani. Ndimati ndine, adadi. Pamenepo m'pamene amauza amayi kuti atsegule chitseko, nyamayo ilowe m'nyumba.